Foloko ya Amayi ndi Nkhuku ya Agogo

Ndikukumbukira chaka chimene achemwali anga a Tiwonge ankakwatiwa, amayi athu anatsala pang'ono kuonda chifukwa cha foloko. Ine ndinali Sitandade 5, ndipo tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Edingeni. Mwamuna wa achemwali anali wa ku Lilongwe. Abale ake anatumiza uthenga kuti ukwati ukadalitsidwa kutchalitchi, kudzakhala chakudya cha akuluakulu mu holo ina pa boma la Mzimba, cha patebulo, chodya ndi mpeni ndi foloko. Bambo atamva anangoseka. Amayi sanaseke. Mantha awo anali oti anthu a ku Lilongwe angakanene kuti mwana wawo wakwatira kwa mayi wosadziwa kudya, achemwali n'kumakayenda chowerama kubanja.

Munthu yekhayo amene tinkamudziwa kuti ali ndi mafoloko anali Mayi Chikuse, akazi a ahedi athu, ochokera ku Dedza. Amayi anachita manyazi kukafunsa okha, choncho anatuma ine kuti ndikaphunzire, kenako ndidzawaphunzitse. Mayi Chikuse anandikhazika patebulo lawo n'kundiuza zonse: foloko kumanzere, mpeni kumanja, zigongono zisagone patebulo, usayankhule chakudya chili m'kamwa, ukamaliza ugoneke mpeni ndi foloko pamodzi m'mbale. Anandibwereka zida zija atazikulunga m'kansalu. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mphunzitsi weniweni, mphuno m'mwamba.

Sukulu yathu ya foloko inali m'chigafa, pansi pa fodya amene ankauma. Mpaka lero ndikagwira foloko ndimamva kafungo kaja. Tebulo linali chitseko chakale chokhazika pa njerwa, ndipo nyama yathu inali mbatata yophika. Koma inu, manja a amayi! Manja omwewo amene ankasoka fodya mwachangu kuposa aliyense m'mudzimo, atagwira foloko ankauma gwa. Akati adule, mbatata inkadumpha m'mbale n'kukagwera pansi, nkhuku n'kuitola. “Iwe mwana, woko ili likukana!” ankatero m'Chitumbuka, kudandaula kuti dzanja lamanzere likukana. Ine ndinkaseka mpaka misozi, iwo n'kumandiopseza ndi mpeni wosathwawo kwinaku akuseka nawo. Nkhuku zapakhomo zinanenepa mwezi umenewo. Koma amayi anali munthu woti akaika mtima pa chinthu sasiya. Pofika sabata ya ukwati ankatola ngakhale nyemba imodziimodzi, msana uli chilili, kundiposa ine mphunzitsi wawo.

Chimene tonse tinaiwala ndi mwambo. Kwathu mkamwana sadya pamaso pa apongozi ake aamuna. Chikwatiwireni, amayi anali asanaikepo kanthu m'kamwa agogo aamuna, bambo awo a bambo, akuona. Akakumana nawo panjira ankapatuka, kugwada, n'kupereka moni akuyang'ana kumbali. Lamuloli limatha pokhapokha apongoziwo atapereka nkhuku kwa mkamwana abale akuona. Agogo sikuti ankadana ndi amayi ayi, ankawatama ndithu kwa anthu. Kungoti nkhukuyo inkangokhala ya chaka chamawa, ndipo panalibe woti angawakumbutse.

Tsiku la ukwati holo ija inatidabwitsa. Matebulo anayalidwa nsalu zoyera, matambula akunyezimira, fungo la mpunga ndi nkhuku yokazinga likuchokera kukhitchini. Amayi anavala chitenje chatsopano ndi duku lofanana, ndipo anapempha kuti ine ndikhale pambali pawo kuti akalakwitsa ndiwatsine. Amene ankakhazika anthu anali azakhali a mkwati, mayi wansangala, wa mawu aakulu. Mwa ulemu wawo wonse anatenga amayi n'kuwakhazika patebulo lalikulu, kenako anagwira agogo padzanja n'kuwakhazika kutsogolo kwenikweni kwa amayi, maso ndi maso. “Makolo a mkwatibwi akhale pamodzi apa, tiziwaona bwino,” anatero akumwetulira. Iwo ankaona kuti atichitira ulemu waukulu.

Amayi anaweramitsa mutu, manja n'kuwabisa pansi pa tebulo. Supu anabwera, anazizira, anachotsedwa. Kunabwera mpunga, nkhuku ndi kabichi. Holo yonse inali ngwe ngwe ngwe mipeni ndi mafoloko, koma zida za amayi zinangogona pansalu monga anaziikira. Ine ndinawatsina. Sanagwedezeke. Ndinawatsinanso, anandiponda phazi. Apo m'pamene ndinayang'ana kutsogolo, kuona agogo, n'kuzindikira vuto. Mtima unandiwawa kwambiri. Mbatata zonse zija zinapita pachabe.

Azakhali aja anaona mbale yosakhudzidwayo, anabwera n'kuwerama. “Asewere, bwanji simukudya? Chakudya chathu sichinakukomereni? Kapena tikubweretsereni madzi musambe m'manja, musavutike ndi zimenezi.” Ananena mwachifundo, koma anthu oyandikira anamva, ena n'kuyang'anizana. Kumeneko ndiye kunali kuwabaya amayi penipeni. “Yewo chomene, nili makora, ndadya kale,” anayankha motsitsa, kuthokoza kuti ali bwino, Chichewa ndi Chitumbuka zitasakanikirana. Ndinaona achemwali ali m'velo mwawo akuyang'ana kuno, nkhope itagwa. Amayi akanadya, akananyoza apongozi awo pamaso pa mudzi wonse. Kusadya nakonso kunali kuvomera kuti foloko yawalaka.

Nthawi yonseyi agogo anali pa nkhondo yawoyawo. Foloko anaigwira ngati mkondo, ndipo ntchafu ya nkhuku inkawathawa kuzungulira mbale. Mawu a azakhali aja ndi amene anawadzutsa. Anakweza maso, kuona mbale ya amayi, kuona mutu woweramawo. Kenako anaibaya ntchafu ija ndi mphamvu zawo zonse, n'kuimirira pang'onopang'ono, jekete lawo lakale likukoka nsalu ya patebulo. Ntchafu inkagwedera pafoloko, msuzi ukudontha pansalu yoyera ija, ife tonse mpweya tagwira. Anatambasula dzanja kudutsa tebulo lonse n'kuitula m'mbale ya amayi.

“NyaTembo, nkhuku yinu iyi. Ryani, mama,” anatero, kuwauza amayi kuti nkhuku yawo ndi imeneyo, adye. Atatero anatembenukira kwa alendo n'kufotokoza m'Chichewa chawo chokhotakhota: “Kwithu mkamwana sakudya pamaso pa apongozi mpaka ampatse nkhuku. Ine nachedwa chomene. Mbwenu lero napereka. Yamoyo yili kukaya, kumudzi, iyi ndi yoyambira.”

Azimayi a kwathu amene anali pamatebulo akumbuyo anayamba nthungululu, holo yonse n'kulandira. Azakhali aja anagwira pakamwa, kenako anaseka mpaka kukhala pansi, akupepesa. Amayi anatsika pampando, kugwada, kuomba m'manja: “Yewo, adada.” Agogo anaseka mano onse poyera, amayi akuwayang'ana. Atabwerera pampando anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, anawongola msana, foloko kumanzere, mpeni kumanja. Anadula ntchafu ija bwinobwino, osagwetsa ngakhale kanjere ka mpunga. Anthu a ku Lilongwe anangoti kukamwa yasa. Achemwali ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. Ine chimwemwe chinandikwera kumutu moti ndinaiwala maphunziro onse, ndinagwira nkhuku yanga ndi manja awiri. Amene ananditsina anali amayi.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ndikapita kumudzi ndimapeza alamu anga, akazi a mlongo wanga, atakhala pakhonde ndi bambo akudya chipisi cha pa Jenda m'pepala limodzi, akukangana za mpira. Palibe amene anapereka nkhuku, ndipo palibe amene akuiyembekeza. Mafoloko nawo ali m'nyumba iliyonse, ana amakumbira dothi posewera. Sindidandaula, chifukwa ndinaona mmene mwambo uja unkalemerera amayi. Koma ndimaganiza kuti alamu angawo sadzamva kukoma kumene amayi anamva masana amenewo, kwa chinthu chimene wachidikira theka la moyo wako.

Pobwerera kumudzi tsiku lomwelo, tili kumbuyo kwa galimoto ya matola, fumbi likutimwaza, amayi anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anandigwira chibwano n'kundinong'oneza kuti mpata wa mano anga akutsogolowu ndinatengera agogo. Amayi anali atabereka ana onse m'banja limenelo, mpaka kukwatitsa woyamba, koma kufikira tsiku limenelo anali asanaonepo nkhope ya apongozi awo ikuseka.