Mapiritsi a Mai Teleza m'munda wa tiyi

Mai Teleza anayamba kutchola tiyi asanakwatiwe, ndipo pa esiteti yonse panalibe wamanja opepuka ngati iwo. Koma chaka chino mpweya unayamba kuwathera pachitunda, mapazi n'kumakana kulowa m'majombo.

Kukiliniki, nesi Enid anawauza mosapsatira.

"Mayi, mtima nawo umadya. M'timitsempha take muli kakhungu kopyapyala kamene kamasefa, kulowetsa chakudya ndi mpweya kuti mtima upeze mphamvu. Kanuko matenda a shuga akawononga. Mtima wafooka, n'chifukwa chake madzi akudzadza m'thupi. Mapiritsi awa aziwatulutsa. Musadumphitse."

Kunena n'kosavuta! Mapiritsiwo ndi okodzetsa, ndipo chimbudzi chili kutali, kushedi yoyezera masamba. Ukachoka pamzere anzako atchola, kapitawo Hector naye diso lili pa iwe, poti mvula ikatha ndiye amasankha otsala ndi opita. Mai Teleza ali ndi ana asukulu, bambo anatsamira mkono kalekale. Basi mapiritsi aja anawamangirira pansonga ya chitenje, n'kumamwa Lamulungu lokha. Inu mukanatani?

Mmawa wina dengu lisanafike n'pakati pomwe, chifuwa chinathina. Anagwirira tchire la tiyi, milomo itauma, mtima ukugunda mosokonekera. Anachita mantha, mantha enieni, poganiza za ana aja. Anamasula mfundo ya pachitenje ija, nameza piritsi popanda madzi.

Dzuwa lisanakwere anali atapita kushedi, kubwera, kupitanso. Pobwerera anapeza a Hector ataima pamzere wawo, manja kumbuyo.

"Kodi amayi, lero mukutchola tiyi kapena mukuyeza msewu?"

Anthu anasiya kutchola. Mai Teleza akanatha kunamizira m'mimba, mawa n'kusiyanso mankhwala. Anayang'ana mapazi awo otupa aja.

"Ndi mtima, bwana. Mankhwala ake ngotere. Ndizipita chonchi tsiku lililonse."

A Hector si munthu woipa, koma nawo ali ndi owalamula. Anakanda m'mutu, nalankhula motsitsa.

"Kapumeni kaye kunyumba, amayi. Tidzakuitanani."

Mawu amenewo pa esiteti palibe amene sawadziwa: ndiye kuti ntchito yatha. Mai Teleza anavula dengu, nakhuthulira masamba awo m'dengu la mnzawo wa mzere woyandikana. Kenaka anayamba kutsika chitunda pang'onopang'ono, osacheuka, akuganiza zokawauza ana.