Jombo ya Kumanzere

Chingerezi changa ndi cha pamatumba a feteleza, poti sukulu ndinaithawa ndisanamere ndi ndevu zomwe. Koma liwu limodzi ndimalidziwa kuposa aphunzitsi: durable. Pakamwa panga limatuluka kuti dyulabo.

Ndinalitola m'sitolo ina pa Chongwe, chaka chimene tinatsegula dimba ku Kanakantapa. Akazi anga mapazi anali atachita ming'alu ndi matope, ndiye ndinati ndiwagulire majombo. Wogulitsa anaipinda jombo, kuiwongola, kuimenyetsa pakauntala.

"Ba mudala, iyi ni durable."

Ndinafunsa kuti chimenecho n'chinyama chanji. Anati ndi chinthu chosatha msanga, choti dzuwa lichiwombe, mvula ichimenye, icho chili gwa. Malata, khasu, jombo. Nanga munthu? Anaseka, nati liwulo ndi la katundu basi.

Ine kumva? Pofika kunyumba ndinali nditawapatsa kale dzinalo mai a ana anga. Akasenza ndiwo za repu kupita kumsewu kukadikira minibasi, ine kumbuyo: "Dyulabo uyo!"

"Imwe, nine jombo ine?"

"Ndimwe onse awiri, kumanja na kumanzere."

Ndinkaseka, koma ndinkakhulupiriradi. Wa mowa ndinali ine, wa fodya ine, wotsokomola m'mawa uliwonse ine. Ndinali nditawauza ngakhale nyimbo yoti akwaya adzandiimbire pamaliro. Iwo anangodwala masabata awiri, chaka chathachi, chimanga chikumasula. Basi.

Kwathu kuno maliro akatha, abale a mkazi amagawana zovala zake, ndipo wamasiye amangokhala pamphasa, saloza chinthu. Zitenje ndinati atenge. Madiresi a kutchalitchi atenge. Koma majombo aja mtima unakana. Chidendene cha yakumanzere chinadyeka mbali imodzi, mmene ankapondera mwiniwake, ndipo pamwamba pali chigamba cha chubu cha njinga chimene ndinamata ndekha, iwo akundinyoza kuti ndamata mokhota.

Tsono m'mawa wa tsiku logawa, anthu ali kalikiliki ndi tiyi, ndinaba jombo yakumanzereyo n'kukaiponya m'nkhokwe. Nzeru zanga zinati palibe munthu anganyamule jombo imodzi. Yotsalayo adzaisiya, ine n'kukhala nawo onse.

Wogawa anali mng'ono wa malemuwo, mlamu wanga amene takhala tikunyozana kuyambira tsiku la ukwati. Atafika pa jombo anaitukula m'mwamba.

"A mulamu, inzake ili kuti?"

"Kaya. Agalu a kuno ni akawalala."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumaondo, kumene buluku langa linali mbuu ndi fumbi la m'nkhokwe.

"Galu wamene uyo ali na imvi. Anavala na buluku."

Anthu anaphulika kuseka, pamaliro pomwepo. Inenso ndinaseka, koma kuseka kwanga kunakhota panjira. Kumanda sindinalire, ndinkauza ana kuti alimbe. Ndinalirira pamenepo, chifukwa cha jombo, mamina mpaka m'ndevu.

Mlamu anadikira kuti ndimalize. Ine ndinatambasula kale dzanja, poganiza kuti chisoni chamugwira. Iye anaipukuta jomboyo ndi chitenje chake, n'kuiika m'chola chake.

"Imwe munawapeza ali akulu kale," anatero. "Ine ananibereka kumbuyo nili kamwana. Sungani yamene munaba. Iyi niyenda nayo ku Bundabunda."

Ndinabweza dzanja langa lija.

Yakumanzere ija ili pakhomo mpaka lero, pamene mwiniwake ankaivulira akachoka kudimba. Mvula ikagwa imadzaza madzi, ine n'kukhuthula, n'kuiimikanso. Ndimaipinda nthawi zina, ngati wogulitsa uja, kufuna kuona ngati yayamba kung'aluka. Ayi ndithu. Ngakhale chigamba changa chokhota chija sichinamatuke.