Chinjoka chimene anandijambula paphewa

Ndinachoka kwathu ku Mulanje kudzagwira ntchito yocheka mitengo ya labala kuno kunyanja. Chitonga sindinkachimva, ndipo anthu ankangonditchula kuti wakumwera. Woyamba kundilowetsa m'nyumba mwake anali mnzanga wa mukwaya ya kutchalitchi, wamsinkhu wanga, yemwe ankagwira ntchito paloji ina yogona alendo ku Kande. Ndiye anandiphunzitsa kudya kondowole, nsima ya chinangwa, osakwinya nkhope.

Anali ndi dzanja lojambula. Mlendo wina wa palojipo anamusiyira kamakina kojambulira pathupi, ndipo Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi anandionetsa chimene anakonza. Chinali chinjoka chakuda bii, chopanda mamba, thupi lake lopangidwa ndi mizere yonenepa pakati koma yosongoka kunsonga ngati mbedza. Mchira unapindika kawiri, zikhadabo zili tambasu.

"Si njoka ya kutchire iyi," anatero. "Anthu a maiko akutali amati chimalondera madzi, ndipo chimalimbitsa mtima. Taona mutu wake, wayang'ana kutsogolo. Iwe uli kutali ndi kwanu, achimwene, ukufunika mlonda."

Anati akamaliza ine adzajambulitsanso chake, chofanana, kuti tikhale pachibale. Ndinavula malaya. Singano inkaluma ngati mavu, iye n'kumandiseka kuti munthu wocheka mitengo tsiku lililonse akuopa kuchekedwa. Chake sanajambulitse. Poyamba anati inki yatha, kenako nkhaniyo inangozilala.

Patapita nthawi ndinakondana ndi mlongo wake, mtsikana wolima chinangwa, wosachedwa kuseka. Mauthenga athu ankanyamula ndi mnzangayo. Chinjokacho mtsikanayo ankachidziwa, ankati chikuoneka ngati chili ndi njala.

Tsiku lokaonekera kwa makolo ndinapita ndi bambo wina wachikulire wa kuntchito kwathu, wochokera ku Thyolo, kuti andiimirire. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Nkhani isanapite patali, amalume ake a mtsikanayo, omwe anali mkulu wa mpingo, anati azakhali ena anandiona ndikusamba kunyanja.

"Tavulani malaya, bambo, tione."

Ndinavula. Amayi ena anaphimba kumaso ndi chitenje. Amalumewo anati chinjoka amachidziwa, chili m'buku la Chivumbulutso, ndipo mwini wake amadziwikanso. Kenako anatembenukira kwa mnzangayo.

"Iwe umayenda naye munthuyu. Chinthu ichi anachitenga kuti?"

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinadziwa kuti afotokoza za mlonda wa madzi, anthu aseke, nkhani ipitirire. Iye anayankha m'Chitonga, akuyang'ana zala zake. Amalumewo anamuuza kuti abwereze m'Chichewa kuti alendo amve.

"Anabwera nacho kuchokera kwawo. Ine ndinamudziwa ali nacho kale."

"Achimwene!" ndinakuwa. "Si iwe unandijambula ndi dzanja lako?"

"Mwana wathu wakulira mumpingo," anatero amalumewo. "Valani malaya anu."

Mtsikanayo anali kuseri kwa nyumba, sanaloledwe kuyankhula. Pobwerera, bambo a ku Thyolo aja anangondigwira pamkono powoloka msewu ngati wodwala. Sabata yotsatira akuluakulu a mpingo anandiimitsa mukwaya. Chaka chisanathe mtsikanayo anakwatiwa ndi msodzi wa ku Usisya.

Mnzangayo ndinakumana naye kamodzi kokha chichitikireni izi, mu minibasi. Anali atavala jekete, atasankhidwa udikoni. Anadzipanikiza pampando wanga n'kundinong'oneza.

"Undimvetse, achimwene. Akanadziwa kuti ndine, kwathu ndikanakhala bwanji? Iwe uli ndi kwanu kobwerera."

Ndinamuyang'ana, kudikira kuti mwina pali mawu ena otsatira. Koma iye anayamba kundifunsa za ntchito, ngati mitengo ikutulutsa bwino utomoni chaka chino. Ulendo wanga unali wa ku Kande, koma titafika pa Chintheche ndinagogoda denga la minibasi n'kutsika, ndipo kotsalako ndinayenda wapansi dzuwa lili paliwombo.