Udzudzu wa m'bango

Tinali kupalira mtedza pamene mfuti zinayamba kulira kumunsi kwa mudzi wathu, ku Mozambique. Ndinali mtsikana wongotha msinkhu kumene. Amayi anagwetsa khasu n'kubereka Fatsani, mlongo wanga wamng'ono. Abambo anali atapita kuchigayo. Sitinawadikire.

M'njira monse munali asilikali, ndiye tinkadutsa m'madambo. Tikamva magalimoto, tinkalowa m'bango, madzi akulekeza m'mawondo. Udzudzu unkatera kumaso, m'makutu, m'zikope. Kuuwomba sikunkaloledwa, poti phokoso la mbama limamveka patali. Tinkangoupukuta pang'onopang'ono. Zikhato zinkatsala magazi.

Amayi anavula chitenje n'kumufunditsa Fatsani. Chinali chachifupi. Mapazi ake ankatulukirabe.

Tinayenda choncho mpaka ndinasiya kuwerenga masiku. Chakudya chinali chinangwa chosaphika cha m'minda ya anthu amene anathawa kale.

Inu obadwa pano mumadabwa nane. A zaumoyo akagawa maneti, ine ndimayenda nawo m'makomo, kuchokera ku Lirangwe mpaka ku Mdeka. Ndimapeza neti yatchinga dimba la tomato, ina akusungiramo anapiye. Kale ndinkakalipa. Pano mawondo atopa, pakamwa patopanso. Ndimangofunsa kuti mwana amagona pati, ndiye ndimapempha chingwe chomangira netiyo.

Titaoloka malire ku Mwanza, lole ya makala inatinyamula. Tinkapita kwa azakhali, alongo awo a abambo, amene anakwatiwa ku Lirangwe. Pa lolepo Fatsani anayamba kutentha thupi. Anakana madzi. Tikuyandikira ku Chileka, maso ake anatembenuka, manja anauma.

Kuchipatala namwino anamutsegula chikope n'kuyang'ana amayi.

"Malungo awa, mayi. Akwera kumutu. Munali naye kuti?"

"Tinali pa njira," anatero amayi.

Namwinoyo anamubaya jakisoni. Anayesetsa ndithu.

Azakhali anatilandira atanyamula mphasa. Anthu amene sankadziwa n'dzina lathu lomwe anabwera ndi makasu, ena ndi ufa. Bambo wina wachisilamu, wogulitsa nsalu pamsika, anapereka nsalu yoyera.

Kuno kunalibe mfuti. Kunkangomveka ndege zikutera ku Chileka, ndipo amayi ankabwatama pansi ikadutsa iliyonse, mpaka anazolowera. Anakhala ndi moyo mpaka kuona ana anga.

Abambo sanabwere. Fatsani ali kumanda a kwa amuna awo a azakhali, kumapeto, pafupi ndi njira ya ng'ombe.