Chitsime cha kuseri kwa Chanaze

Ndinachoka kwa Mlolo Zuze atangosiya kuyamwa, chifukwa ndinatopa ndi kulira kuseri kwa nyumba. Ndikati ndikodze, m'chikhodzodzo munkakhala ngati athiramo tsabola, ndipo madontho omaliza ankatuluka ofiira. Mizu ndinamwa, mphini ananditema, koma ayi ndithu. Amayi a pamudzi ankangonong'ona kuti matenda otere mwamuna ndiye amabwera nawo. Ine ndinkadziwa kumene amuna anga anawatenga: kwa Chanaze, mayi wamasiye amene ankagula nsomba kwa bambo a Zuze, mtengo wake kumamvana mpaka dzuwa kupendeka.

"Mukupita kukatani ku Kabula?" anandifunsa amuna anga.

"Kukagwira ntchito," ndinatero. Mumtima ndinkati: kukakugwirani.

Zuze ndinamusiyira mayi anga, n'kukakwera sitima ku Chiromo. Ku Limbe ndinkachapa zovala kwa Mmwenye wina wa sitolo. Kuzizira kwake! Ndikaona mwana kumsana kwa mnzanga, mawere ankandiwawa. Ndikaona mkazi akuseka ndi mwamuna panjira, ndinkangoona mano a Chanaze.

Kuchipatala cha mishoni anandipatsa kabotolo. Wothandiza dokotala anati, "Mayi, zungulirani nyumbayi mothamanga dzuwa likafika pamutu, kenako mutipatse madontho omaliza okhawo." Ndinathamanga, anthu akundiyang'ana, manyazi ali tho. Mkodzowo anausiya kuti udikhe, natenga dontho la pansi, naliika pa kagalasi. Dokotala anasuzumira m'chipangizo chake nthawi yaitali.

"Kodi chimaonetsanso mkazi amene wandipatsa?" ndinafunsa.

Wothandiza uja anaseka mpaka kutsokomola. "Bwerani mumuone nokha mkazi mnzanuyo."

Ndinasuzumira. Timazira, tilitonse ndi kaminga kunsonga. Anati ndi likodzo, tizirombo take timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa m'madzi a m'dambo. Mwamuna sapatsira mkazi wake matendawa. Ndikuuzeni zoona, sindinakondwe nthawi yomweyo. Ndinabwera kudzatenga mlandu, ndipo anandipatsa jakisoni wosanzitsa.

Koma mantha anandigwira ndi Zuze. Ndinathamangira ku sitesheni, kwa mlamu wanga wosonkha moto m'sitima. "Mukawauze bambo a Zuze, mwana asaponde m'dambo! Matenda ali m'madzi. Akumbe chitsime, chonde!" Yankho linabwera lalifupi: tamva.

Ndinabwerera thonje likuthyoledwa, ndikukodza ngati munthu, nditawagulira amuna anga malaya. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndiwauze. Zuze anandithawa, nabisala m'nsalu ya agogo ake. Miyendo yake inali ndi matope ouma mpaka m'maondo.

"Amayi, mwanayu akuseweranso kudambo? Nanga chitsime?"

Mayi anga anayang'ana pansi. "Chitsimecho amuna ako anakumba, mwananga. Chakuya, madzi ake mbee."

"Chili kuti?"

Analoza ndi milomo.

Ndinapita ndi katundu wanga ali pamutu. Chinali kuseri kwa nyumba ya Chanaze, chotchingidwa bwino ndi bango. Mwini wake anali pomwepo akutunga, mimba itaonekera kale.

"Mwabwera, Amake Zuze? Takulandirani," anatero. "Uthenga wanu unatithandiza, inetu ndinali nditayamba kumva kuwawa. Imwani, ndi abwino."

Anandipatsa chikho ndi manja awiri. Ndinali ndi ludzu la ulendo wonse wa ku Chiromo, ndipo kwa Mlolo kunalibenso madzi ena amene ndikanalimba mtima kumwetsa mwana wanga. Ndinamwa, n'kumupempha mtsuko.