Mfuti ya a Fergal ndi manja a adadi

Fungo la mafuta a linseed, aja odzoza matabwa, mpaka lero limandinyansa. Ndikangolimva ndiye kuti ndabwerera ku Swords, m'shedi ya a Fergal, holide yaitali ija ndili ndi zaka thirteen. Nthawi imeneyo Dublin inali pa ndalama. Kulikonse makireni onyamula zitsulo, nyumba zikumangidwa mpaka m'minda ya mbatata, ndege zikudutsa pamwamba pa denga lathu mpaka makapu kunjenjemera m'kabati.

Amami anali nesi ku chipatala cha Beaumont. Adadi pepala lawo silinkawalola kugwira ntchito, ndiye ankangokhala pakhomo, kusita mayunifomu a amami, kusesa pamene asesa kale. Ndinkawapeputsa, ndisaname. Abambo a anzanga ankabwera ndi mavani, simenti ili mbuu m'tsitsi, anga ali ndi simbi m'manja. Munthu akawafunsa za ku Malawi ankangoti anali kalaliki, nkhani n'kuthera pomwepo.

A Fergal anali mzungu wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe, wopuma ntchito ku eyapoti, mkazi wawo anamwalira. Anagula mfuti yakale ya asilikali, ija amati three-o-three, kuti aisinthe ikhale yosakira agwape ku mapiri a Wicklow. Laisensi anali nayo, kabati yachitsulo yokhomeramo inaliponso. Anacheka thabwa lakutsogolo kuti ipepuke, anachotsa pomangirira mpeni, kenako n'kumapaka mafuta aja ndi chikhatho, pang'onopang'ono ngati akudzoza khanda. Ine ntchito yanga inali sandipepa, kupala thabwa mpaka zala kuyera. Ankandipatsa tiyi ndi mabisiketi, n'kumati, "Iyi si yankhondonso, mwanawe. Yapuma ntchito ngati ine."

Mfuti ija inali ndi chitsulo chokoka ndi dzanja polowetsa chipolopolo. Ukachikoka chimalira kwatcha, ukachibweza kwatcha. Tsiku lina adadi anamva kulira kumeneko kudzera pa mpanda akuyanika zovala. Nditabwera ndinawapeza ataima pakhomo, zopanira zovala zikadali m'manja.

"Iwe Tadala, ukapondakonso kumeneko udzandidziwa."

"Mukuopa mfuti yopanda chipolopolo?"

Anatembenuka n'kukapitiriza kuyanika. Masabata atatu tinkadutsana m'nyumba ngati anthu a pa basi. A Fergal atatipatsa nyama ya gwape ya mufiriji mwawo, adadi anaitenga ndi pepala lake lomwe n'kukaiponya m'bini, amami akuona. Ine kushedi sindinasiye. Ndinkadumpha mpanda iwo akapita kukagula mkaka, ndipo ndikabwera sindinkasamba m'manja dala, kuti fungo lija azigona nalo m'mphuno.

Ndiye kunabwera Loweruka lija. A Fergal anali atabwezeretsa zonse pamalo pake, koma chitsulo chokoka chija chinakana kutuluka kuti achipukute. Analimbana nacho, nkhope kufiira, akutukwana. Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani. Ayi, ndikudziwa. Ndinkafuna kuona adadi akunjenjemera pamaso pa mzungu, kuti mawa asadzandiuzenso kanthu. Ndinapita kunyumba n'kuwanamiza kuti a Fergal akupempha munthu wowathandiza kusuntha kabati. Munthu wachikulire akapempha thandizo adadi sakanakana, zimenezo ndinkazidziwa bwino.

Analowa m'shedi atavala masilipasi. Atangoona mfuti ija ili m'manja mwa a Fergal, kukamwa kwake kutaloza cha kumene ndinaima ine, anafika pomwepo sindinaone kuti ayenda bwanji. Anaikankhira pansi ndi dzanja limodzi n'kuilanda. Anakoka chitsulo chija, anapisa kachala kakang'ono mkati kuti amve ngati mulibe chipolopolo, chala chachikulu chinadina penapake pambali, chitsulo chija n'kutuluka chokha ngati fupa la nsomba yopsa. Zonsezi osayang'ana mfuti ngakhale kamodzi. Maso awo anali pa ine.

A Fergal anaseka modabwa. "Bwana, munaziphunzira kuti zimenezi?"

Adadi anaika chitsulo chija patebulo mwaulemu. "Mwaicheka bwino, bambo. Mwaidzoza bwino. Koma kulira kwake simunacheke."

Titalowa m'nyumba anandimenya pama limodzi, loyamba ndi lomaliza pamoyo wanga. Kenako anaima pa sinki n'kumasamba m'manja ndi sopo wotsukira mbale, kusamba, kusamba, madzi otentha mpaka nthunzi kudzaza windo. Kushedi sindinapitenso, ndipo palibe anachita kundiletsa. A Fergal ankandikwezera dzanja pa mpanda, ine n'kuyang'ana kumbali. Ndinkadana nawo onse awiri, wina pondimenya, wina poseka.

Adadi atamwalira, tikulongedza zovala zawo, ndinawafunsa amami kumene adadi anaphunzirira mfuti. Anati ukalaliki unali wabodza. Adadi anali wapolisi ku Malawi, ndipo masiku ena a zipolowe m'tauni anawaika pamzere, aliyense ndi mfuti ngati imeneyo, kutsogolo kwawo kuli anthu wamba. Ndinafunsa ngati anawombera. Amami anapinda malaya n'kuti, "Zaka zonsezi ine sindinawafunse. Iwe ndiwe ndani?"

Sukulu sindinapite nayo patali, ntchito yanga n'kusambitsa okalamba, ndiye mwina sindikuzinena bwino. Ndili mwana ndinkaona ngati adadi amaopa mfuti chifukwa sankaidziwa. Panopa ndili ndi zaka zimene iwo anali nazo chaka chija, ndipo ndimaganiza kuti chinkawapweteka n'chakuti a Fergal anangotenga sowo, masana amodzi, mfuti n'kusanduka yamasewera. Manja alibe pochekera. Pama lija sindinawakhululukire, ndipo sindikudziwa ngati ndidzatero. Koma bodza la kabati linali langa, ndipo iwo anabwera atavala masilipasi, kudzathandiza.