Mgaiwa ndi Phazi la Bambo a Rozi

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Munali mu Okutobala 2022, ndipo tinkangoti ndi dzuwa, poti amuna anga, bambo a Rozi, ankapalasa kabaza pa Thambani tsiku lonse. Ankamwa madzi osakhuta nawo, kukodzanso pafupipafupi. Akadya masana ankagwa tulo pomwepo pamkeka. Mathalauza anayamba kukhwepa. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba ndithu, ife tomwe sitinamve.

Mu Januwale pedulo inawacheka chala chachikulu cha kuphazi lamanja. Kanali kabala kakang'ono, ndipo iwo ankati sikapweteka. Sikanapole. Chala chinatupa, chinada, kenako fungo linadzaza nyumba. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu atangomasula nsanza, anatitumiza ku Mwanza boma tsiku lomwelo.

Kumeneko tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anawabaya chala cha kudzanja, kadontho ka magazi kanapita pa kamakina, ndipo anatiuza kuti ndi matenda a shuga. Anawagoneka kuwodi ya amuna. Ine ndinakhala gadiyani, kugona pansi pa chitenje, kuphika kuseri pamodzi ndi amayi anzanga. M'mawa uliwonse kunali kutsuka bala, jakisoni, kenako kudikira adokotala. Chala chija sichinapulumuke. Atachidula, adokotala sanazungulire: "Lero tachotsa chala. Shuga akapanda kutsika, tidzachotsa phazi."

Ndinachita mantha kwambiri. Phazi limenelo ndilo linkatidyetsa.

Anesi ena achikulire anaona kuti shuga ankakwera kwambiri bambowo akangotha kudya. Anasuzumira m'mbale mwanga napeza nsima ya ufa woyera, yoti mbee, imene ndinkainyadira. Anandifotokozera kuti chimanga tikachikonola timachotsa gaga, pomwe gagayo ndi amene amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. "Maiko ena amadya balere wosakonola," anatero. "Ife balere timangomumva kutchalitchi, koma tili ndi mgaiwa, mapira, nandolo. Mtanda ukhale waung'ono, masamba achuluke, mankhwala osasiya."

Bambo a Rozi atamva mawu oti mgaiwa anatembenukira kukhoma.

Iwowa anabwera kuno ali mwana, pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Zaka za kukampu ankadya mgaiwa wachikasu wolandira, tsiku ndi tsiku, ndipo atakula analumbira kuti pakhomo pawo sudzaphikidwa. Ukwati wathu wonse ine ndinkakonola, kuviika mphale, kuyanika, kukagayitsa. Madeya onse ankapita kwa mbuzi. Mbuzi zathu zinali zonenepa mudzi wonse, mwini wake akutha.

Titatuluka m'chipatala ndinaphika mgaiwa. Anakankha mbale.

"Mayi a Rozi, mukufuna mundibwezere kukampu?"

Anayamba kutsimphina kupita kukadya kwa achemwali awo, kumene ankawalandira ndi ufa woyera ndi tiyi wa shuga wambiri. Alamu angawo sankafuna kupha mlongo wawo ayi. Kwathu kupatsa mwamuna wodwala mgaiwa ndi kumunyoza, ndiye iwo ankati akumuchotsa manyazi. M'mudzi inamveka yoti ndatopa nawo amuna anga poti sakubweretsanso ndalama. Zinandiwawa, ndipo ndinkalira ndekha kumunda.

Mu Epulo bala linatsegukanso, kufiira kunayamba kukwera cha kukakolo. Tinabwerera kuwodi komwe kuja. Ulendo uno pabedi loyandikana panali bambo wina amene anamudula mwendo m'munsi mwa bondo. Mkazi wake, wochepa thupi, ankamubereka kupita naye kuchimbudzi. Amuna anga ankayang'ana osaphethira.

Masana ake ndinabweretsa mtanda umodzi wa mgaiwa, nandolo ndi nkhwani. Mtima unali utandikwera.

"Bambo a Rozi, lumbiro ndi lanu, phazinso ndi lanu. Koma msana wodzakuberekani ndi wanga."

Anakokera mbale pafupi. Kenako anasamba m'manja, anatema, anameza. Misozi inkatsikira m'ndevu.

"Amayi anga ankandipatsa mtanda wawo wa womwewu, iwo n'kugona ndi njala," anatero. "Anatsala komweko kukampu, m'manda."

Zaka zonsezi ndinkayesa kuti amadana ndi kakomedwe kake. Za amayi awozo anali asanandiuzepo.

Anamaliza mbale yonse. M'masiku otsatira shuga wa pambuyo pa chakudya anasiya kulumpha monga kale, mankhwala anagwira bwino, ndipo kufiira kuja kunabwerera pansi. Bala linatseka mu Julayi.

Lero shuga akadalipo, sachoka. Mwezi uliwonse timapita kukayezetsa ndi kukatenga mankhwala. Kabaza anasiya, pano amakonza njinga za anzawo pamsika, ndipo maso awo ayamba kuchita chifunga. Alamu anga mpaka pano amandilonjera mozizira.

Anzanga, mukaona ludzu losatha, kuwonda, kapena bala losapola, pitani kuchipatala lisanade. Ife tinachedwa ndipo tinasiyako chala. Madzulo alionse ndimawatsuka phazi lija ndi kuliyang'ana pakati pa zala zotsalazo. Ndikatha ndimawapatsa mgaiwa wawo. Amadya osayankhula, ndipo ine sindiwafunsa amene akumukumbuka.